Unsplash, Pexels, Pixabay kapena Wikimedia Commons: chithunzi chakumbuyo tikachitenge kuti?

Mwezi wathawu ndimakonza webusaiti ya mayi ena omwe ali ndi nyumba yogona alendo kuno ku Chipata. Alendo awo ambiri amagona usiku umodzi, m'mawa n'kupitirira ku Mfuwe, choncho mayiwo ankafuna kuti munthu akangotsegula tsamba loyamba aone nyama za ku Luangwa kumbuyo kwa mawu. Ndinalowa pa Unsplash, webusaiti yotengako zithunzi zaulere, n'kusankha nyamalikiti wokongola, dzuwa likulowa. Nditawaonetsa pa foni anayang'ana kanthawi, kenako anati, "Mwananga, uyu si wathu." Sananame. Anali wa ku Kenya, uja wa mizere yoyera ngati ukonde. Wathu wa ku Luangwa, wotchedwa Thornicroft, mawanga ake ndi ong'ambikang'ambika m'mbali ngati masamba, ndipo sapezeka kwina koma m'chigwa chomwechi.

Ndiye apa pali mafunso awiri osiyana: kodi chithunzicho n'chololedwa, nanga kodi n'chathu?

Pa kukongola, Unsplash palibe woiposa. Inayamba mu 2013 ku Montreal, ndipo mu 2021 inagulidwa ndi Getty Images. Ojambula ake amakonda kusiya malo opanda kanthu, kaya thambo, nkhungu kapena khoma, ndipo ndi pamenepo pomwe mawu anu amakhala bwino n'kumawerengeka. Laisensi yake ndi yosavuta: tengani ulere, gwiritsani ntchito ngakhale pa bizinesi, kutchula wojambula n'kufuna kwanu. Choletsedwa n'kugulitsa chithunzicho osachisintha, kapena kusonkhanitsa zambiri kuti mutsegule malo anuanu opikisana nawo. Koma tsegulani maso, chifukwa pakati pa zaulere amasakanizamo za Unsplash+, zomwe n'zolipira. Nthawi zambiri chomwe chakukokani mtima chimapezeka kuti n'chimenecho.

Pexels ndi Pixabay ndi ana a nyumba imodzi. Onse anabadwira ku Germany, ndipo kampani ya Canva inawagula mu 2019. Pa awiriwa ine ndimatsamira ku Pexels. Malamulo ake akufanana ndi a Unsplash, mutha kusaka zopingasa zokhazokha kapena za mtundu womwe ukugwirizana ndi webusaiti yanu, ndipo podawuniloda mumasankha kukula, zomwe zimapulumutsa bandulo. Pixabay ili ngati kaunjika wa pa msika wa Kapata: katundu ndi wochuluka, koma muyenera kuvundukula. Muli zojambula pamanja ndi timapatani tabwino toyala kumbuyo, muli zosaoneka bwino, komanso masiku ano mwadzaza zopangidwa ndi AI. Ena amanenabe kuti zonse za pa Pixabay ndi CC0, kutanthauza kuti mwini wake anazimasula kotheratu. Zinali choncho kale, koma mu 2019 anasintha n'kuika laisensi yawoyawo, yomwe ili ndi zoletsa zake.

Onse atatuwa amagwera dzenje limodzi. Lembani "Chipata" muone. Ine ndinangopeza tochepa, tina si ta kuno n'komwe. Mukalemba "Zambia" mumalandira Victoria Falls ndi njovu zosadziwika kwawo.

Apa ndi pomwe Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi zomwe Wikipedia imagwiritsa ntchito, imapambana. Inayamba mu 2004 ndipo ili ndi mafailo opitirira 100 miliyoni, koma phindu lake si kuchuluka ayi. Chithunzi chilichonse chili ndi tsamba lake lonena amene anachijambula ndi laisensi yake, ndipo zambiri zimanenanso malo ndi tsiku. Nyamalikiti wa ku South Luangwa amalembedwa kuti ndi wa ku South Luangwa. Mtengo wake si ndalama koma ulemu. Zithunzi zambiri kumeneko zili pa malaisensi otchedwa Creative Commons, mwachidule CC. Chikakhala cha CC BY, muyenera kulemba dzina la wojambula ndi laisensiyo, komanso kunena ngati mwachisintha. Chikakhala cha CC BY-SA pali chowonjezera: mukachisintha, chosinthidwacho chikhalenso pa laisensi yomweyo. Ambiri amathawa poganiza kuti webusaiti yonse isanduka ya aliyense. Ayi, lamulolo likukhudza chithunzicho. Kamzere kamodzi pansi pa tsamba, kokhala ndi linki, kamakwanira.

Vuto la Commons ndi lakuti ambiri anajambula kuti asunge umboni, osati kukongoletsa. Chinthu chili pakatikati, m'mbali modzaza anthu ndi mawaya amagetsi, mawu anu alibe pokhala. Mumatha ola lathunthu kuti mupeze chimodzi.

Flickr ilinso ndi zithunzi za Creative Commons, ndipo Openverse imasaka m'malo ambiri otere nthawi imodzi. Kumeneko chenjerani ndi zilembo ziwiri, NC ndi ND. NC ikuletsa malonda, ndipo nyumba yogona alendo, sitolo ya mbewu, ngakhale kashopu ka zitenje, zonsezo ndi malonda. ND ikuletsa kufalitsa chomwe mwasintha. Google ndiye si nkhokwe ya zithunzi, imangokulozerani kwa eni ake; pitani komweko mukawerenge.

Pali chinanso chomwe laisensi siingakupatseni. Wojambula wakulolani, koma munthu wojambulidwayo sanakuloleni kuti nkhope yake iziitanira malonda anu. Impi ya Angoni pa Nc'wala ku Mtenguleni, kapena Gule Wamkulu pa Kulamba ku Mkaika, mutha kuwapeza pa intaneti ndithu. Koma kuika chilombo kumbuyo kwa mitengo ya zipinda, ine dzanja limandilemera. Ndingayambe ndafunsa akuluakulu.

Kulikonse komwe mwatenga, musaike chithunzi mmene chabwerera. Choyambirira chimatha kulemera mamegabaiti angapo, ndipo kasitomala wa ku Chadiza kapena ku Lundazi yemwe netiweki ikumuvuta sadikira, amangotseka. Ine ndimachepetsa m'lifupi kufika mapikiselo 1920, n'kuchisandutsa WebP, mtundu wa failo ya chithunzi yopepuka, pa webusaiti ya Squoosh, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira mu Chrome momwemo. Ndimayesetsa kuti chisapitirire 300 KB. Ndikachidetsa pang'ono kuti mawu oyera aoneke, kuchepa kwakeko palibe amazindikira.

Kwa mayi aja zinatha chonchi: tsamba loyamba nyamalikiti wa pa Commons, dzina la wojambula pansi, tsamba la mitengo thambo chabe la pa Pexels. La chakudya ndinasaka paliponse osapeza nsima yooneka ngati yathu, mpaka mayiwo anaphika okha, ya chiwawa chotendera, n'kuika pa mphasa panja cha m'ma 4 koloko dzuwa litapendeka. Ndinajambula ndi foni yawo, ine nditakwera pa mpando.