Chidendene changa chinandidyera mapaundi 875 ku Leeds

Amene mumalakalaka ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, mvetserani. Za viza mwamva kale zambiri, ine ndikuuzani za mapazi.

Ntchito imeneyi ndi yoimirira. Shifiti ya maola 12, pansi pouma gwa, kunyamula agogo, kuthamangira belu. Pofika Novembala 2024 ndikatsika pabedi m'mawa zinkakhala ngati ndaponda msomali ndi chidendene chakumanzere. Ndikayendayenda ululu unkazirala, madzulo n'kubweranso. Madokotala amati plantar fasciitis.

Pa Facebook ndinaona kachipatala kapulaiveti kakulengeza kuti kuyeza mapazi n'kwaulere. Kuyezako sanandilipiritsedi. Anandiyendetsa pa kamphasa kolumikiza ku kompyuta, n'kundionetsa chithunzi cha phazi langa chili psuu, amvekere ndikazengereza bondo ndi msana zitsatira. Mantha atandigwira, mitengo inatuluka. Ma insole, zoyala m'kati mwa nsapato, oumbira phazi langa lenilenilo, mapaundi 350. Makina ogunda chidendene otchedwa shockwave, maulendo 6, mapaundi 480. Nditati ndilibe, mtsikana wa pakauntala anamwetulira n'kunditulutsira fomu yolipira pang'onopang'ono. Ndinasaina ndisanawerenge. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Tsiku lina abwana anandisinthira shifiti usiku, m'mawa ndinaimbira kachipatala kaja kuti sindibwera. Mapaundi 45 anachoka pa khadi langa, akuti lamulo lawo n'loti uwadziwitse kutatsala maola 48, ndipo linalembedwa pa fomu ija. Mapaundi 45 chifukwa choimba foni mochedwa! Ma insole aja anandituphulitsa matuza. Nditawabweza anati chinthu chopangira munthu mmodzi sichibwezedwa, ndipo ngati chinthucho chilibe vuto lamulo la kuno lili mbali yawo. Zonse pamodzi 875, ndalama zomwe mayi ku Dedza ankayembekezera za feteleza ndi malata. Ndinawanamiza kuti maola achepa.

Wina amene anandigwiritsa fuwa la moto ndi kampani yondilemba ntchito. Pondiitana ankati ukadwala timakusamala. Nditagona sabata ziwiri ndinalandira yokhayo imene lamulo limakakamiza abwana kupatsa wodwala, Statutory Sick Pay, yomwe nthawi imeneyo inali mapaundi 116.75 pa sabata, masiku atatu oyamba osawerengedwa. Lendi yokha ya chipinda changa imaposa pamenepo.

Munthu woona ndinamupeza mochedwa, podiatrist (katswiri wa mapazi) wa NHS, zipatala za boma za kuno, mayi wachikulire wosakonda zokometsera mawu. Anandisiya ndilongosole, kenaka anandifunsa ngati munthu wa kukachipatala kaja ndinamufufuza pa kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo ngati amenewa. Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli kaundula. Kuno dzina loti podiatrist kapena chiropodist ndi lotetezedwa ndi lamulo, ulitenge pokhapokha uli m'kaundulamo, ndipo aliyense angathe kufufuza pa intaneti mwaulere. Wanga uja pachifuwa anali atalemba foot health practitioner, dzina losatetezedwa motero. Sikuti onse otchedwa choncho ndi akathyali, ayi, koma ine ndinkaganiza kuti ndili m'manja mwa dokotala.

Mayiwo anandiuza za kafukufuku wa ku Australia wa mu 2006, wa anthu oposa 130 odwala chidendene ngati ine. Ena anapatsidwa ma insole oumbira phazi lawo, ena ogula kale m'sitolo, ena ongonamizira. Pa miyezi itatu oumbira aja sanapose a m'sitolo, ndipo chitatha chaka magulu onse anali chimodzimodzi. Anatinso ambiri vutoli limatha pasanathe chaka ndi zinthu wamba: kuongola minofu ya katumba m'mawa ndi madzulo, nsapato zofewa kunsi zokwera pang'ono kuchidendene, kusayenda chosavala pansi pouma, kuchepetsa thupi ngati lachuluka. Shockwave amaiganizira zimenezi zikakanika kwa miyezi ingapo, osati tsiku loyamba. Jakisoni wa steroid amaziziritsa kwa sabata zochepa chabe. Ndinagula ma insole a mapaundi 15 ku famase, n'kumapondaponda botolo la madzi oundana ndikaweruka.

Inu a matenda a shuga, nkhani yanu ndi ina. Kachilonda kapaphazi musakadikire nako, musakaike mankhwala otumizidwa kuchokera kumudzi, musakapite nako kwa odula zikhadabo. Pitani kwa GP, dokotala wanu wa m'dera, tsiku lomwelo. Malangizo a NICE, bungwe lolangiza zipatala za kuno, amati bala lotero litumizidwe kwa akatswiri a mapazi pasanathe tsiku limodzi la ntchito, ndipo muli ndi ufulu woyezedwa mapazi chaka chilichonse.

Ndiye mukamaona zithunzi zathu tavala majekete pa chipale, mukuganiza kuti tikutola ndalama pansi? Mukuti chipatala kuno n'chaulere. N'zoona, ife a viza ya Health and Care sitilipira n'komwe msonkho wa zaumoyo umene ena amalipira mapaundi 1,035 pa chaka. Koma mzere wake ndi wautali, ine ndinadikira sabata 11, ndipo amalonda amakudziwa kudikira kumeneko kuposa inu. Musanagule foni yatsopano ndi malipiro oyamba, gulani nsapato zantchito zenizeni, ndipo m'dera lanu funsani ngati mungadzilembetse nokha kwa physiotherapist (wa mafizo) wa NHS osadzera kwa GP, chifukwa m'madera ambiri zimatheka.

Ngongole ija ndinamaliza mu Seputembala. Ma insole a 350 ali pansi pa bedi, m'bokosi lake.