Telala wa ku Nchalo amene anatisokera zovala zamkati za m'chaka cha 1862

Gulu lathu la zisudzo ku Chikwawa linakonza sewero la Anne Mackenzie, mlongo wake wa Bishopu Charles Mackenzie, amene anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1862, n'kukamva atafika kwa Chibisa kuti bishopuyo anali atamwalira kale ndi malungo pa 31 Januwale. Madiresi tinali nawo, koma ankangolendewera ngati matumba, chifukwa chimene chinkaumba thupi la mkazi wa ku Britain nthawi imeneyo chinali zovala zamkati. Ntchitoyi tinaipereka kwa mayi wina amene amasoka pakhonde la sitolo ku Nchalo, pa makina opalasa a Singer.

Zovalazo zinali zinayi: chemise, malaya otaya ofika m'mawondo amene amakhudza khungu, corset, yomanga chiuno ndi zingwe kumsana, crinoline, mikombero yachitsulo yotukula siketi, imene inafala kuyambira mu 1856, ndi pitikoti wophimba mikomberoyo. Mayiwa anali asanasokepo zoterezi, koma atayang'ana zithunzi pafoni anafunsa kuti sewero lidzakhala mwezi uti. Nditati Okutobala, anandibwezera nsalu yoterera imene ndinagula. “Aphunzitsi, kutentha kwa kuno mukukudziwa,” anatero, “mwana wa eni adzakomoka ndi nsalu imeneyi. Kagureni bafuta.” Ananena zoona, pakuti ngakhale kalelo chemise inkakhala ya thonje kapena linen, kuti izimwa thukuta ndi kuchapidwa kawirikawiri, popeza corset sinkachapidwa wamba.

Luso lawo linaonekera pa corset. Anayamba aidula pa nsalu yakutha, n'kumuyeza katatu mtsikana wathu wosewera ngati Anne, ataima, atakhala pampando, ndiponso akupuma mwamphamvu monga amachitira polankhula mokweza. Pamene akale ankalowetsa timizere touma ta m'kamwa mwa namgumi, iwo analowetsa timalamba tapulasitiki tomangira mawaya a magetsi, atasalaza nsonga zake pamoto wa kandulo kuti zisaboole nsalu. Mabowo a zingwe anawapeta pamanja, limodzilimodzi, ndipo nditatembenuza chovalacho ndinapeza misoko yoongoka, yopanda ulusi wolendewera. Zipi ndi lasitiki anazikana okha nditawauza kuti nthawi imeneyo zovalazi zinkamangidwa ndi zingwe, tingowe ndi mabatani.

Pa crinoline ndiye sindinakhutire. Waya amene anasankha anali wofewa, moti mtsikana atakhala pansi mikombero iwiri inapindika osabwereranso, ndipo thukuta linautsa dzimbiri limene linathimbiriritsa pitikoti. Anachedwanso ndi sabata yathunthu chifukwa cha mayunifolomu a sukulu, ngakhale kuti anapepesa, n'kusintha wayayo osalipiritsa. Mtengo unali wokwererapo kuposa wa diresi wamba, koma poona masiku amene anathera pa mabowo aja, sindinanenerere.

Amene akufuna ntchito yotereyi apite kukadali mwezi, atenge zithunzi zoonetsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa chovala, ndipo waya wolimba akagule okha.