Kusankha dokotala wa khanda: malo anayi amene ndinawayesa, ndi chitini cha mkaka chimene chidakali m'kabati

Kuyambira pamene mwana wanga wachiwiri anakwanitsa chaka, anzanga oyembekezera a kuntchito ndi a kumpingo akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo, loti mwana akadzabadwa azidzapita naye kuti ngati akufuna kumulera monga ndinalerera anga. Ndatopa kubwereza yankho pa WhatsApp, choncho ndalilemba pano kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Kaleredwe kamene ndikunena, kamene anthu a m'tauni ayamba kukatcha kulera mwachilengedwe ngati kuti kangofika kumene pa ndege, ndi kamene amayi athu anatilerera: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kupitiriza bere mpaka zaka 2, kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje, kugona naye pafupi m'neti imodzi, ndiponso kusathamangira mankhwala pa kachimfine kalikonse.

Ndinene msanga kuti katemera sali pa mkangano umenewu. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina kuno ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda amene ambiri tinkaganiza kuti anatsala m'mabuku a mbiri, ndipo kuyambira pamenepo dokotala aliyense amene angavomereze kuti mudumphe katemera pofuna kukusangalatsani ndimamuona ngati mdani wa mwana wanu.

Malo amene ndinawayesa ndi ana anga awiri ndi anayi: chipatala chaching'ono cha boma cha m'dera lathu, kachipatala kolipira ka pafupi ndi msika, chipatala cha mishoni cha kunja kwa mzinda, ndi katswiri wa matenda a ana wa pa chipatala chachikulu cholipira. Zakuti ku boma n'kwaulere koma mzere wake umayamba tambala asanatsike m'khola, kapena zakuti kwa katswiri mumakhala pa mipando yofewa, mukuzidziwa kale. Muyeso wanga waukulu ndi umodzi, ndipo ndinauphunzira mowawa. Muyesowo ndi zimene munthu wovala zoyerayo amachita mayi akamuuza kuti, "Ndikuona ngati mkaka wanga sukukwana."

Mawu amenewa ndinawanena ku kachipatala kolipira kaja mwana wanga woyamba ali ndi masabata atatu. Ankalira madzulo aliwonse ndipo ankafuna bere pafupipafupi, apongozi anga anali atayamba kale kunong'ona kuti mwana akufa ndi njala, ndipo ine ndinali ndisanagone tulo tokwanira chibadwire iye. Dokotala anandilandira mwaulemu, anamumvetsera mwanayo pachifuwa, anandifinya bere pang'ono, n'kupukusa mutu kuti mkaka ndi wochepa komanso ndi wamadzi. Buku la kusikelo, limene ndinali nalo m'manja, sanalitsegule. Sanandifunse kuti mwana akunyowetsa matewera angati pa tsiku, ndipo sanandipemphe kuti ndiyamwitse iye akuona. Analemba kuti tiyezetse magazi, analemba mankhwala amadzi a mitundu itatu, kenako anatchula dzina la mkaka wa m'chitini n'kundiuza kuti ndiupeza pa kauntala yawo yomweyo.

Pakhoma la polandirira alendo panali mtengo umodzi wokha, woonana ndi dokotala, ndipo unali wochepa ndithu, n'chifukwa chake ndinalowa molimba mtima. Lisiti imene ndinatuluka nayo inaposa mtengowo kasanu. Chimene chinandipweteka kwambiri chinadza patapita masiku atatu. Dokotala anali atandiuza kuti ndibwerere adzamuonenso mwanayo, ine n'kumaganiza kuti kubwerera kumeneko kuli m'kati mwa ndalama imene ndinalipira kale, koma mtsikana wa pa kauntala anandiuza mosaphethira kuti ulendo uliwonse uli ndi mtengo wake, ngakhale utakhala woitanidwa ndi dokotala mwini. Ndinalipira, ndinalowa, ndipo m'mphindi zosakwana zisanu ndinatuluka ndi malangizo oti ndiwonjezere mabotolo a mkakawo.

Patatha sabata imodzi ndikupereka botolo, mwana anayamba kukana bere masana, mabere anga anayamba kufewa, ndipo zimene dokotala ananena zinayamba kuoneka ngati zoona. Pano ndikudziwa chifukwa chake. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira, choncho botolo lililonse limene mwana wakhuta nalo limauza thupi la mayi kuti lichepetse. Ndikudziwanso kuti kufinya bere ndi zala si muyeso wa mkaka, kuti mkaka woyambirira kutuluka pa kuyamwa kulikonse umaoneka wamadzi mwachibadwa, ndiponso kuti khanda limatsika kulemera m'masiku oyamba n'kudzabwereranso pa kulemera kwake kobadwa nako pofika masabata awiri. Wanga anali atadutsa kale pamenepo, ndipo zinali zolembedwa m'buku lija. Malamulo a dziko lonse a kagulitsidwe ka mkaka wolowa m'malo mwa bere, amene mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana mu 1981, amaletsa kutsatsa mkakawu m'zipatala pa chifukwa chomwechi. Pali ana amene amafunikiradi mkaka wa m'chitini, monga amasiye kapena amene amayi awo akudwala kwambiri, ndipo sindinyoza mayi aliyense amene anaugwiritsa ntchito. Dandaulo langa lili pa dokotala amene amapindula ndi chitini chimene akukulangizani kugula, chifukwa pamenepo simungathe kusiyanitsa langizo ndi malonda.

Amene anandiwombola anali namwino wa pa chipatala cha mishoni, kumene azakhali anga ananditengera mondikakamiza. Mayi ameneyo anamuika mwana pa sikelo, anayerekeza ndi manambala a m'buku, kenako anandikhazika pa benchi n'kunena kuti, "Amayi, tayamwitsani ndione." Anaona mwakachetechete, ndipo anandisonyeza kuti mwana ankangogwira nsonga ya bere. Anandiphunzitsa zizindikiro zinayi zimene sindidzaziiwala: kukamwa kwa mwana kukhale koyasama kwambiri, chibwano chake chikhudze bere, mlomo wa m'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yakuda ya bere ioneke yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Anandiuza kuti ndizichepetsa botolo pang'onopang'ono, ndizigona naye khungu ndi khungu monga amachitira amayi a ana obadwa masiku asanakwane, ndipo ndiziwerenga matewera onyowa, amene akafika 6 pa tsiku ndi umboni wakuti mwana akupeza mkaka. Njira ya khungu ndi khungu imeneyi, imene amaitcha ya kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, choncho anamwino athu ambiri anakula nayo m'ntchito yawo. Tinabwerera kwathu opanda mankhwala aliwonse, ndipo patatha masabata atatu botolo linali litaiwalika.

Kuyambira tsiku limenelo ndine wokhulupirika ku chipatala chimenecho, ndipo muwerenge zotsalazi mukudziwa kuti ndili ndi mbali. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, koma zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti chithandizo cha amayi oyembekezera ndi makanda chiziperekedwa kwaulere, choncho funsani pa khomo musanalowe. Amene amaona ana tsiku ndi tsiku kumeneko nthawi zambiri ndi clinical officer, ndipo anzanga ena amanyinyirika akamva zimenezi ngati kuti apatsidwa katundu wotsika. Ine ndaona kuti munthu amene amaona ana ochuluka tsiku lililonse amazindikira msanga mwana wodwala kwenikweni, ndipo sachita mantha kunena kuti chimfine chimayamba ndi tizilombo ta mavairasi timene maantibayotiki sangathe kupha, kotero mankhwala ake ndi bere, kutsuka mphuno ndi kudikira. Vuto lake ndi mtunda. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, minibasi ziwiri ndi kabaza si ulendo woti n'kuuganizira.

Chipatala cha boma ndachipatsa ntchito imodzi, ndipo pa ntchito imeneyo palibe wochiposa. Ndiko kumene ana anga analandira katemera wawo yense: wa BCG woteteza ku TB ndi wa poliyo atangobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15, kuphatikizapo vitamini A kuyambira pa miyezi 6. Katemera woteteza ku chibayo analowa m'ndondomeko yathu mu 2011, ndipo woteteza ku kutsegula m'mimba kwa rota mu 2012, ndipo onsewa ndi aulere, choncho sindiona chifukwa cholipirira kwina chinthu chimene alangizi a zaumoyo amachipereka sabata ndi sabata. Pa nkhani ya kuyamwitsa, uthenga wa kusikelo ndi wolondola, mpaka umaimbidwa m'nyimbo mwana asanakwere pa sikelo yolendewera ija. Chimene chimasowa ndi nthawi yoti wina akhale nanu pansi. Mwana akadwala mungathe kudikira m'mawa wonse n'kuonedwa mphindi zitatu, nthawi zina n'kuuzidwa kuti mankhwala mukagule nokha, ndipo mukafunsa chifukwa chimene apatsira mwana mankhwala akutiakuti, yankho limadalira mmene tsikulo lamuchitira amene mwamupezayo.

Katswiri wa ana ndinamuona kawiri kokha, mwana wanga wachiwiri atatuluka zidzolo zosatha. Anali munthu wofatsa amene anafunsa mafunso ambiri kuposa onse, anapeza vutolo, ndipo analemba mafuta opaka a mtundu umodzi basi. Mtengo wake unali waukulu, koma anaunena ndisanakhale pansi, ndipo zimenezo ndimazilemekeza. Ngati muli pa inshulansi ya zaumoyo monga MASM, funsani pasadakhale kuti gawo lotsala lolipira nokha likhala lotani. Tinasiyana maganizo pa chinthu chimodzi. Atamva kuti ndimagona ndi mwana pa bedi limodzi, anangoti ndisiye ndigule kabedi kake, osafunsa ngati nyumba yathu ili ndi malo ake kapena neti yachiwiri. Clinical officer wa ku mishoni, pa funso lomwelo, anavomereza kuti pali ngozi, kenako anandiuza mmene ndingaichepetsere: mwana agone chagada, patali ndi mapilo ndi mabulangete olemera, asagone ndi munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya, ndipo ndisamagone naye pa sofa. Langizo lachiwirili ndi limene ndinatha kulitsatira.

Pali muyeso wina umene ambiri amauiwala, woti dokotala wogwirizana ndi kaleredwe kathu azikhozanso kutikana. Apongozi anga atafuna kumata mankhwala a zitsamba pa liwombo la mwana pamene ankatsegula m'mimba, namwino uja anawayankha mwaulemu wa mwana kwa kholo, kuti liwombo likalowa m'kati ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi bere pafupipafupi, Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Anawonjezera kuti uchi, ngakhale uli wachilengedwe, suyenera kuperekedwa kwa mwana wosakwana chaka, ndiponso kuti khanda la miyezi yosakwana iwiri likatentha thupi, likaleka kuyamwa, likamapuma mobanika kapena likakomoka, palibe zodikira kunyumba. Apongozi anachoka osakwiya, ndipo luso loterolo sindinalione pa malo ena atatuwo. Za malungo n'zosachita kutalikitsa: aliyense wofuna kupereka LA asanayeze magazi ndimamukana.

Za mapepala, funsani ngati dokotalayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo woona mtima sakhumudwa ndi funsolo. Za ukhondo, malo onse anayi anali bwino mokwanira, ndipo kachipatala kolipira kaja ndi kamene kanali kowala kuposa ena onse.

Kwa anzanga amene mukufunsa, ndondomeko yanga ndi iyi. Sikelo ndi katemera ndimapita ku boma, matenda a masiku onse ndi mavuto a kuyamwitsa ndimapita ku mishoni, ndipo katswiri ndimamusungira vuto limene lakana kutha kawiri. Ku tizipatala tolipira ta m'madera ndikudziwa kuti kuli madokotala ena abwino, ndipo mnzanga wina amalumbira pa wake amene anamuthandiza usiku mwana atabanika, choncho sindinganene kuti onse ndi amodzi. Ngati mtunda ukukukakamizani kusankha kotero, pitaniko muli woyembekezera, mwana asanabadwe, ndipo mufunse mafunso atatu: ngati ulendo wobwereza umalipiridwa, ngati mungathe kutenga pepala la mankhwala n'kukagula ku famase ina, ndiponso chimene angachite mutabwera n'kunena kuti mkaka wanu sukukwana. Mukamadikira yankho, ponyani maso pa mashelefu a kuseri kwa kauntala muone zimene zaikidwa patsogolo. Ine ku kachipatala kolipira ka pafupi ndi msika kaja sindinapondekonso, ndipo chitini chachiwiri chimene ndinagula tsiku la ulendo wobwereza lija chidakali m'kabati chosatsegula, deti yake itadutsa kalekale, chifukwa amuna anga akati achitaye ndimawauza kuti achisiye pomwepo.