Ka kiliniki kopima INR ku Kabwata kanawapulumutsa amayi anga

Amene muli ndi m'bale woikidwa valuvu yachitsulo mu mtima, ndikuuzeni za ka kiliniki kena ku Kabwata ku Lusaka komwe timapita ndi amayi kukapimitsa INR, muyeso woonetsa kuti magazi akutenga nthawi yotalika bwanji kuti aundane. Dzina sinditchula poti pali zinanso zondidandaulitsa.

Amayi ali ndi valuvu ya mitral yachitsulo, yawo inawonongeka ndi rheumatic heart disease, ija imayamba ndi zilonda zapakhosi ubwana anthu nkumati zipola zokha. Ndiye ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku ndi tsiku moyo wonse, INR izikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5, ikatsika magazi amaundana pa valuvu, ikakwera nkhama ndi mphuno zimayamba kukha magazi.

Chaka chatha anawapeza ndi TB nkuyamba mankhwala, ife osadziwa kuti rifampicin ya mu mankhwala a TB-wo imapangitsa chiwindi kuchotsa warfarin msanga. Kupita kukapima INR, 1.4! A sista sanangotipatsa pepala ayi, anawagwira dzanja nkufunsa, "Amayi, mukumwa chiyaninso china? Nanga valuvu ikulira ngati kale?" Mtima wanga unangoti phaa, chifukwa ka thi thi thi kaja timakamva usiku mnyumba mukakhala zii kanali katazilala ndithu, komanso amayi ankabanika kungoyenda kuchoka pa siteshoni ya minibasi, ine ndimati ndi TB yomweyo. Anatilembera kalata pompo kuti tithamangire kuchipatala chachikulu. Echo, sikani ya mtima, inaonetsa magazi oundana pa valuvu, madokotala nkutiuza kuti pali ziwiri, kutsegulanso chifuwa kapena mankhwala osungunula amene angathe kubweretsa sitiroko kapena kukha magazi mu ubongo. Ndinasayina dzanja likunjenjemera. Anawapatsa osungunula aja, alteplase, pang'onopang'ono, kenako heparin woletsa magazi kuundananso, lero ali kunyumba.

Za ndiwo a ku kiliniki aja amafotokozanso bwino, sakuletsa chibwabwa, repu kapena bondwe, amangoti idyani mofanana sabata ndi sabata chifukwa cha vitamin K wa m'masambamo amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Brufen osayerekeza. Nditafunsa za rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, poti safuna kupimapima, anakana kuti pa valuvu yachitsulo ayi.

Chondiwawa ndi ma strip a makina opimira INR obaya pachala aja, amatha kawirikawiri, ndiye amatenga magazi pamkono zotsatira mpaka mawa lake, transipoti kawiri kuchokera ku Chawama ndi munthu wodwala mtima. Yambani mwafunsa ngati ma strip alipo musananyamuke, ndipo kabuku ka INR musakasiye kunyumba.