RTL-SDR patatha miyezi: kamaona chiyani pa nsanja za mafoni?

Papita miyezi yambiri chigulireni kachipangizo ka RTL-SDR, kolandira masiginolo a wailesi, kaja kooneka ngati fulashi kamene umalumikiza ku kompyuta n'kumangirira eriyo. Ndinkafuna kuphunzira kusiyanitsa masiginolo a nsanja za mafoni pongowayang'ana, ndipo pa mtengo wake kandiphunzitsa zambiri.

Pa 2G sikavuta. Mukatsegula pulogalamu ya pa kompyuta ya SDR# n'kupita pakati pa 935 ndi 960 MHz, matchanelo a GSM (ndiyo 2G) amaonekeratu: timizere topapatiza ta 200 kHz, tina tophethiraphethira, tina toyaka usana ndi usiku. Tosazimato n'timene nsanja imadzidziwikitsira kwa mafoni oyandikira.

Pamene ndatherapo nthawi yambiri ndi pa 4G. Kachipangizoka kamaona bwinobwino 2.4 MHz yokha pa nthawi imodzi, pomwe tchanelo cha LTE (ndiyo 4G) chimatha kufika 10 kapena 20 MHz. Zili ngati kuonera mpira pa kabowo ka mpanda. Ndiye umayenda pang'onopang'ono kufunafuna m'mphepete mwake. Siginolo ya LTE imathera mwadzidzidzi, ndipo mkati mwake mumakhala timadontho tosinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene ali pa intaneti. Madzulo mumadzaza, m'bandakucha mumakhala mbee. Ya 3G, yomwe ndi 5 MHz, imangooneka ngati phokoso losalala. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti LTE imaika zizindikiro zake zodzidziwikitsira pakatikati pa tchanelo, m'kadanga ka pafupifupi 1 MHz, choncho pulogalamu ya LTE-Cell-Scanner imatha kuwerenga nambala ya selo (dera limene siginolo imodzi ya nsanja imatumikira) ngakhale ndi kachipangizo kochepa chonchi.

Malire ake muwadziwiretu. Kamathera cha pa 1766 MHz, pomwe nsanja za bandi ya 1800 zimayambira kuulutsa pa 1805 MHz. Za 2100 MHz ndi 5G ya 3.5 GHz sikaziona n'komwe. Zimenezo zimafuna chida ngati HackRF One, chofika 6 GHz.

Kamatentha ndithu, makamaka mu Okutobala, koma sikanandizimirepo. Pogula onetsetsani kuti kali ndi TCXO, kachida kothandiza kuti fulikwense ikhazikike, chifukwa topanda TCXO timasuntha fulikwense tikatentha.

Anzanga amakonda kundifunsa ngati ndimamva zimene anthu akukambirana pa foni. Ayi. Ine ndimaona maonekedwe a siginolo basi, ndipo za eni ake sindizifuna. Amene akuphunzira za mawailesi kapena akufuna kudziwa kolozetsa eriyo ya rauta kumudzi, akagule. Wofuna 5G asungire ndalamazo chida chachikulu.