Kiyibodi imodzi pa Windows, Mac ndi Linux: iti imavutitsa pang'ono?

Pa tebulo langa pamakhala laputopu ya Windows ya ku ntchito, Mac yakale komanso foni ya Android, ndipo ndinatopa ndi kusinthasintha makiyibodi. Nazi zomwe ndaona pa mitundu inayi yomwe anthu amafunsa kawirikawiri.

Ya chingwe cha USB, monga Logitech K120, ilibe nkhani yaitali. Mukangoilumikiza imayamba kulemba pa Windows, pa macOS ndi pa Linux, ngakhale pa foni ngati muli ndi kachingwe ka OTG, kolumikizira zipangizo za USB ku foni. Imagwiranso ntchito kompyuta isanatsegule Windows, pomwe mukufuna kulowa mu BIOS (menyu yoyambirira ya kompyuta), malo amene ya Bluetooth nthawi zambiri imakhala chete. Pa Mac pokha mpamene zala zimasokonezeka: batani la Windows limasanduka Command, la Alt limasanduka Option, ndipo malo ake ndi osinthana ndi momwe anthu a Mac anazolowera. Izi zimakonzeka mu System Settings, pa Keyboard, kenako Keyboard Shortcuts, pomwe palembedwa Modifier Keys.

Magic Keyboard ya Apple ndi yokoma kulembera, koma ndi mwana wa m'nyumba imodzi. Pa Windows imalumikizika ndithu, zilembo zimatuluka, komabe mulibe batani la Print Screen, ndiye chithunzi cha pa sikirini mumachijambula ndi Command, Shift ndi S. Ija ya Touch ID, yowerenga chala, imangogwira pa ma Mac a tchipu cha Apple, kuyambira M1 ya 2020. Ngati Mac yanu ndi ya Intel kapena muli pa Windows, ndalama ya kachipangizo kameneko mwangoitaya.

Logitech K380 ndi yomwe ndimaikonda pa anthu ofanana ndi ine. Imasunga zipangizo zitatu pa Bluetooth, ndipo mumasintha podina limodzi la mabatani atatu a pamwamba kumanzere. Pa mabatani ake palembedwa zonse ziwiri, za Mac ndi za Windows. Imayendera mabatire awiri a AAA omwe amakhalitsa kwambiri, chinthu chachikulu kwa ife amene magetsi amatithawa pafupipafupi. Chondidandaulitsa nchakuti pulogalamu yake ya Logi Options+, yosinthira ntchito za mabatani, ilipo ya Windows ndi macOS basi. Wa Linux amadalira Solaar, pulogalamu yopangidwa ndi anthu odzipereka.

Keychron K2 ili ndi kaswitchi m'mbali kosankhira Mac kapena Windows, imabwera ndi timitu ta mabatani ta mbali zonse ziwiri, ndipo imalola chingwe ndi Bluetooth yomwe. Ndi yolemera, yokwera mtengo, ndipo phokoso lake si la mu ofesi ya anthu ambiri.

Koma vuto lomwe limatipweteka ife olemba Chichewa silichokera ku kiyibodi, limachokera ku kasanjidwe ka zilembo komwe mwasankha mu kompyuta. Wina akasankha United States-International pa Windows, kachizindikiro ka mu ng' kamadikira chilembo chotsatira, ndiye mukalemba ng'ombe pamatuluka ngómbe. Ndinataya madzulo athunthu ndikuganiza kuti batani lafa, pomwe chofunika chinali kubwerera ku US wamba. Chimodzimodzi kiyibodi ya ku Britain mukaiika pa kasanjidwe ka US: @ ndi " zimasinthana malo, ndipo pasiwedi imakanika popanda chifukwa chooneka.

Nanga ŵ wa mu Malaŵi? Palibe kiyibodi pa zinayizi yomwe ili naye. Pa Linux ndi pophweka: batani lomwe mwalisankha kukhala Compose (lophatikizira zizindikiro), kenako ^ ndi w. Pa Windows sankhani United Kingdom Extended, dinani AltGr (Alt ya kumanja) ndi 6, kenako w. Kapena mu Word lembani 0175 nkudina Alt ndi X. Pa Mac sankhani ABC Extended, Option ndi 6, kenako w.

Wa Mac yekhayekha agule ya Apple. Wosintha makina tsiku lonse, K380. Ine ndimasungabe ya chingwe mu kabati, chifukwa tsiku lomwe Bluetooth yakana, ndi yomweyo yolembera pasiwedi.