Miyezi 14 ndi 350Z: galimoto yokana kulira ikatentha

Alamu anga a ku Rosettenville, kuno ku Joni, anandiimbira Lachiwiri usiku. Aona Nissan 350Z ina ikugulitsidwa, ndiye akuti, "Alamu, yanu ija ikukusungani bwanji? Ndigule?" Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi, chifukwa yankho la funso limeneli limasintha malinga ndi mmene ndadzukira. Ndinakatulutsa malisiti onse m'kabokosi ka kuseri kwa mpando, poti galimotoyi ilibe kabokosi kutsogolo ngati zinzake, n'kuwayala patebulo. Mayi a kunyumba atawaona anangoti, "Mukuwerengera za mkazi wamng'ono?" Ndi dzina limene anaipatsa.

Yanga ndi ya 2004, injini ya V6 ya malita 3.5, magiya 6 osintha ndi dzanja, mphamvu imapita kumatayala akumbuyo. Ndinaigula R118,000 kwa bambo wina amene amaimika galimoto zitatuzitatu pabwalo la nyumba yake. Zabwino zake sindichedwapo. Kalilidwe kake pa msewu wa M1 wa kuno ku Joni m'mawa wa Lamlungu kamaiwalitsa ngongole. Mabuleki, giya, zoziziritsa m'kati, zonse zili bwino mpaka lero. Mipando ndi iwiri basi, ndipo kubuti kuli chitsulo chopingasa moti thumba la ufa limalowa mochita kunyengerera. Petulo imamwa ngati yalusa. Zopita nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete, galimoto yogwa pansi chonchi, ndinaziiwala sabata yoyamba.

Vuto linayamba mwezi wachitatu nditaigula. M'mawa, ngakhale kuzizira kwa mu June kwa kuno ku Joni, kungopotokola kiyi kamodzi yalira. Koma ukayenda mtunda, n'kuima pamalo omwetsera mafuta kapena kukagula buledi, pobwera sitata imazungulira bwinobwino, injini osagwira. Uyese kachiwiri, kachitatu, ayi ndithu. Ukakhala mphindi 40 ukuyang'ana kumwamba, imalira ngati palibe chinachitika. Tsiku lina inandichita zimenezi ku Fordsburg nditatsekereza galimoto ya munthu. Anyamata olondera magalimoto anandikankha mpaka thukuta kamukamu, galimoto osalira, ndipo ndinawalipirabe.

Makaniko woyamba anati ndi batire. Ndinagula latsopano, R1,900. Patatha masiku anayi, zomwe zija. Wachiwiri anati sitata yatopa, anaimasula n'kukaikonza, R2,400. Wachitatu anayamba kunena za pampu ya mafuta, ndipo apa n'kuti nditalipira kale bulekidauni kawiri. Chimene chimandipweteka n'chakuti pamwamba pa dashibodi pali timawotchi titatu, ndipo kamodzi kamaonetsa mphamvu ya magetsi. Nthawi yonseyi kankaloza cha pa 14 injini ikamalira, kusonyeza kuti batire likulandira moto bwinobwino. Ndinkakayang'ana tsiku lililonse ngati chokongoletsera.

Amene anandipulumutsa ndi anthu okonda magalimoto akale amene amakumana Lamlungu m'mawa, kuimika magalimoto, kutsegula maboneti, kenako ulendo wa ku Hartbeespoort kukadya kadzutsa. Anandiitanira kumeneko ndi m'bale wathu wina wa ku Ndirande amene amakonza zamagetsi m'galaja ina ku Booysens. Ndinkachita manyazi kupita, poganiza kuti ndi za anthu a ndalama. Nditangotchula vuto langa, anthu asanu anazungulira galimoto, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula chinthu choti ndigule. Anali mafunso okhaokha. Sitata imazungulira kapena imangoti tha? Ikazizira kapena ikatentha? Ukatsegula kiyi usanalize, umamva pampu ikung'ung'udza kumbuyo kwa masekondi angapo? Kanyali kofiira koteteza kwa akuba kamazima kapena kamakhala chiyakire? Pampu inkamveka, kanyali kankazima. Mdala wina wa imvi, mwini wa 350Z yofiira, anati ndiye za mafuta ndi za kiyi tiziike pambali kaye.

Kenako mdalayo anakhala pampando, anatsegula kiyi osaliza, n'kumangoyang'ana dashibodi. Anaitana wa ku Ndirande uja, analozerana, ndipo m'bale wathuyo anatembenukira kwa ine. "Achimwene, nyali zonse zimayenera kuyaka mukatsegula kiyi. Ya injini ili kuti?" Miyezi yonseyi sindinaionepo ikuyaka, ndipo ndinkanyadira kuti galimoto yanga ilibe matenda. Analumikiza kamakina kowerenga zolakwika pansi pa chiwongolero, ndipo pafoni panatuluka P0335. Nambala imeneyi imanena za kasensa kamene kamauza kompyuta ya galimoto mmene shafiti yaikulu ya injini ikuzungulirira. Kakasiya kulankhula, kompyuta simatumiza moto kumapulagi, sitata izungulire mpaka mawa. Kasensa kotopa kamagwira ntchito kakazizira, kakatentha n'kukomoka. Ndipo galimoto ukangoizimitsa, mphepo imasiya kuwomba ndipo kutentha kumaunjikana pansi pa boneti, n'chifukwa chake inkandigwira pambuyo poima pang'ono.

Loweruka lotsatira tinaikweza pa jeki ku Booysens. Kasensako kali pansi, pamene injini yakumana ndi giyabokosi, kogwidwa ndi bawuti imodzi yokha. Kamene tinachotsa kanalibe dzina, kanalibe nambala, pulasitiki yake yong'aluka m'mbali. Wina anali atasintha kale n'kuikapo kotchipa. Anzathu aja anandichenjeza kuti pa injini imeneyi masensa otchipa sakhalitsa, ndigule kenikeni. Kanandidya R1,650, ntchito yake mphindi 20. Titamasula dashibodi tinapeza kachidutswa ka tepi yakuda katamatidwa bwinobwino kutsogolo kwa nyali ya injini. Munthu anakhala pansi, anadula ndi sizasi, anamata mosamala. Chikomekome cha mkuyu.

Ndinawaimbira bambo anandigulitsa aja. Poyamba anati sakundikumbukira. Nditawatumizira chithunzi cha tepiyo anati galimoto anaigula ili choncho, ndipo anandikumbutsa mawu amene ndinasainira papepala, akuti voetstoots, kutanthauza kuti watenga mmene chilili. Mdala uja anandiuza kuti mawuwa sateteza munthu amene wabisa vuto dala, komanso kuti lamulo la Consumer Protection Act limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika ngati wagula kwa wamalonda. Koma miyezi 6 inali itadutsa, ndipo papepala panalembedwa ngati tagulitsana anthu wamba awiri. Kuti nditsimikize kuti tepiyo anamata ndi iwo, ndiyambe kulipira maloya, ndalama yake ingapose imene ndikulirira. Anandilonjeza R1,000 "yopepesa". Pano ndi mwezi wachisanu, foni yanga sakuyankhanso.

Kuchokera tsiku limenelo galimoto sinakanenso kulira, kutenthe kuzizire. Masiku ena ndikamatsika nayo cha ku Hartbeespoort, magalasi otsegula, ndimati R118,000 inachepa. Masiku ena, monga dzulo nditafunsa mtengo wa matayala awiri akumbuyo, ndimaganiza za Corolla imene ndikanagula n'kutsala ndi ya malata kumudzi. Malisiti a vuto limodzi lija, kuphatikiza bulekidauni, akwana R7,750, ndipo pa ndalama imeneyi yogwira ntchito inali R1,650 yokha.

Alamu ndawauza kuti tipite limodzi Loweruka, nditenga kamakina kanga, poti ndinagula kangakanga. Tikatsegula kiyi n'kuwerenga nyali imodziimodzi, tikayenda nayo theka la ola, tikaizimitsa, tidikire mphindi 10, tiilizenso. Awaimbira ogulitsawo kuwauza zimenezi, ndipo akuti ayankha kuti petulo ndi wodula, tingozungulira nayo kamodzi mumsewu wa kutsogolo kwa nyumba.